Mpangankhani Woopsa Wamatsenga: Woipa Ndani Kwenikweni?

Pa mayeso a MSCE mukhoza kupatsidwa nkhani imene muli mpangankhani wochita zodabwitsa monga kusanduka nyama, kuuluka usiku kapena kudzuka atafa, kenako nkufunsidwa kuti mufotokoze khalidwe lake. Ophunzira ambiri akangoona matsenga amathamangira kulemba kuti, "Ameneyu ndi mfiti, ndi woipa mtima," basi nkupita pa funso lina. Yankho lotere limataya malikisi. Matsenga paokha sauza wowerenga kuti mpangankhani ndi woipa kapena wabwino. Tiyeni tione zimenezi poyerekeza nkhani ziwiri, ina ya mufilimu, ina ya kwathu kuno ku Chigwa cha Shire.

Freddy Krueger

Amene mumakonda mafilimu oopsa m'nyumba zoonetsera vidiyo pa Nchalo kapena pa Bangula mwina mudamuonako mkulu wa nkhope yopserera, wa chipewa ndi juzi ya mizeremizere, wovala golovesi ya mipeni kuzala. Ameneyu ndi Freddy Krueger. Adayamba kuoneka mu 1984 mu filimu ya Wes Craven yotchedwa A Nightmare on Elm Street, ndipo pofika 2010 adali ataoneka m'mafilimu 9.

Tsatanetsatane wa nkhani yake ndi wachidule. Freddy adali munthu wopha ana. Khoti lidamumasula, makolo okwiya adamutentha wamoyo nkusunga chinsinsi. Patapita zaka iye akubwera kudzapha ana a makolo omwewo, koma amawapeza m'maloto. Ukagona wapita. Taonani apa kuti wolemba wasankha chinthu chimene munthu sangachithawe, chifukwa tulo sitikanika. Taonaninso kuti mphamvu za Freddy zili ndi malire: amadya mantha a anthu, ndipo mu filimu yoyamba mtsikana wotchedwa Nancy akumufooketsa pomufulatira ndi kukana kumuopa. Mpangankhani wamatsenga wopanda malire sapanga nkhani, pakuti mwininkhani sakhala ndi polowera.

Mbona ndi Mlauli

Tsopano tibwere kwathu. Amang'anja a ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi mbiri yapakamwa ya Mbona, amene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi m'boma la Nsanje. Iyi si nthano yongocheza pamoto ayi. Alipo anthu amene amapembedza kumeneko mpaka lero, ndipo mu 2011 dziko la Malawi lidapereka dzina la malowa ku UNESCO kuti aganiziridwe kukhala m'gulu la malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Choncho poilemba muziilemba mwaulemu.

Nkhaniyi imakambidwa mosiyanasiyana, koma kafotokozedwe kotchuka ndi aka. Kudagwa chilala. Mlauli, amene adali wodziwa kuitana mvula, adavina koma kumwamba kudangoti mbee. Mbona, mwana wa mlongo wake, atavina mvula idagwa. Nsanje idamulowa Mlauli, ndipo Mbona adathawira kummwera adani ali pambuyo pake. Panjira ankachita zozizwitsa pozemba omulondolawo, ndipo anthu amaloza miyala imene amati adasiyapo zizindikiro za thupi lake. Atamugwira, mikondo ndi mipeni zidakanika kumulasa. Mbona yekha ndiye adawaululira chinsinsi cha imfa yake, kuti chomupha si chitsulo koma kanthu kofewa ngati tsamba la udzu kapena bango. Magazi ake adayenda ngati mtsinje pa malo otchedwa Ndione, mutu wake nkukaikidwa ku Khulubvi. Kuchokera pamenepo amakhulupirira kuti mzimu wake umabwera ngati nsato kudzachezera mkazi wopatulidwa amene udindo wake umatchedwa Salima.

Ikani Freddy ndi Mbona pamodzi muone chodabwitsa. Onse awiri adaphedwa ndi gulu la anthu. Onse awiri imfa sidawathetse. Onse awiri ali ndi lamulo lobisika lokhudza mphamvu zawo. Wophunzira wongoyang'ana matsenga angawaike m'thumba limodzi, pamene wina amabwerera kudzapha ana ndipo wina amabwerera ndi mvula. Kusiyana kwawo kuli pa zimene adachita asanaphedwe ndi zimene akuchita nazo mphamvuzo. Freddy adalakwa, ndipo imfa idangowonjezera nkhanza zake. Mbona adaphedwa chifukwa chothandiza anthu.

Ndiye woipa m'nkhani ya Mbona ndi Mlauli, ndipo kuipa kwake nkofunika kukufukula bwino. Iyenso ndi munthu wa mphamvu zachinsinsi, koma choopsa mwa iye si mankhwala. Paja Amang'anja amatsata mtundu wa kuchikazi. Malume ndiye mwinimbumba, woyenera kuteteza ana a mlongo wake, ndipo kawirikawiri mwana wa mlongo ndiye amalowa m'malo mwake. Mlauli akusaka moyo wa mwana amene mwambo umati amulere. Akulolera kuti mudzi ufe ndi chilala kusiyana nkuti ulemu wake utengedwe ndi wamng'ono. Mukalemba kuti "Mlauli ndi wansanje," mwayamba bwino, koma malikisi onse amabwera mukasonyeza kuti nsanjeyo ikuphwanya udindo wa umalume ndiponso ikuika anthu onse pa ngozi ya njala. Kwa ine, Mlauli ndi woopsa kuposa Freddy, chifukwa Freddy umamudziwira patali ndi nkhope yake, pamene Mlauli umadya naye mbale imodzi.

Pali chinanso. M'mafotokozedwe ena wopha Mbona si Mlauli koma Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja. Matthew Schoffeleers, wansembe wachikatolika amene adafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, adasonkhanitsa mafotokozedwe osiyanasiyana m'buku lake la River of Blood la mu 1992. Iye adaona kuti nkhani yopha Mbona ikukumbutsa nthawi imene Lundu ankakulitsa ufumu wake ndi nkhondo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Phunziro kwa inu ndi lakuti wofotokoza nkhani amaveka woipa nkhope ya chinthu chimene anthu ake akuopa: pena wachibale wadumbo, pena mfumu yankhanza. Chimenechi ndicho chiphiphiritso. Mukafunsidwa kuti mpangankhani woopsa akuimira chiyani, yang'anani malo ndi nthawi ya nkhaniyo, mufunse kuti anthu akumeneko sagona tulo chifukwa cha chiyani. Wolemba wa kuno kwathu, Steve Chimombo, adatenganso mbiri ya Mbona nkulembapo sewero lotchedwa The Rainmaker.

Luso losiyanitsa wamatsenga ndi woipa silithera m'chipinda cha mayeso. Ena ofotokoza amati Mbona adayamba wanamiziridwa ufiti asanathamangitsidwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Nsanje, ndipo anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya powaganizira kuti amapopa magazi. Palibe umboni udapezeka woti alipo adapopedwa. Mphekesera zomwezi zidavutanso mu 2002. Namapopa ndi mpangankhani wopanda mlembi, amene amabweranso ngati Freddy, koma amene amafa m'nkhani yake ndi anthu enieni, kawirikawiri alendo ongodutsa.

Poyankha funso, tchulani khalidwe, perekani chochitika cha m'nkhani chochitira umboni, kenako fotokozani zotsatira zake pa anthu ena. Osangondandalika zozizwitsa ngati mukusimbira mnzanu filimu.

Ntchito

1. Fotokozani makhalidwe awiri a Mlauli ndipo perekani umboni pa khalidwe lililonse.
2. Kodi Mbona akuonetsa khalidwe lotani poulula yekha chinsinsi cha imfa yake?
3. Funsani agogo kapena akuluakulu a m'dera lanu nthano imodzi yokhala ndi chilombo kapena mzukwa. Lembani ndime imodzi yosonyeza malire a mphamvu zake ndi chimene chikuimira.