Madzi a Likhubula ndi Ludzu la Blantyre

Kukacha bwino kuno ku Thyolo, nkhungu itachoka pa minda ya tiyi ndipo othyola masamba atayamba kale kudzaza madengu awo, ndimaona phiri la Mulanje litaima chakum'mawa, ndi kukumbukira mkangano umene unabuka pamene Blantyre Water Board inaganiza zotunga madzi mu mtsinje wa Likhubula, umene umachokera m'nkhalango yotetezedwa chiyambire 1927.

Chifukwa cha ganizoli n'chomveka: madzi a Shire, otungidwa pa Walker's Ferry, amakwezedwa mtunda ndi makina odya magetsi ochuluka, pamene a Likhubula amatsika okha m'mipope kulinga ku Nguludi, kumene amayeretsedwa asanafike mumzinda, tsono boma linakongola ndalama ku India kuti ntchitoyo itheke. Koma ana a Mulanje, pansi pa bungwe la Citizens for the Protection of Mulanje, anakana kwamtuwagalu, nafunsa kuti adzamwetsa bwanji alendo pamene amayi awo akusenza mitsuko kuchokera kutali, nanga mitengo ya mkungudza imene ikutha m'phirimo adzabzala ndani.

Ine sindiwadzudzula ayi, pakuti chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo ife a ku Thyolo tinadzionera tokha: nkhalango ya phiri lathu inagwetsedwa ndi nkhwangwa, minda ya chimanga inakwera kufikira pamwamba pake, akasupe amene tinkasambamo tili ana naphwa. Mzinda uyenera kumwa ndithu, koma inu abale a ku Blantyre, potsegula mpope dziwani kuti muli ndi ngongole kwa osunga phiri la Mulanje, ndipo ilipidwe ndi mitengo komanso mipope m'midzi ya m'tsinde mwake.