Kutsekula m'mimba kukakana mankhwala, kumbukirani khansa ya m'matumbo

Mnyamata wa zaka 20 akayamba kuonda, buluku n'kumamuvuka m'chiuno, kuchimbudzi n'kumapitako kasanu pa tsiku kwa miyezi itatu, anthu pamsika sachedwa kugamula mlandu. Ena amanong'onezana kuti ndi matenda a boma omwewa. Akuluakulu amati ndi kanyera kapena tsempho, pomwe ena amaloza chala mnansi kuti wamulodza.

Akapita kukayezetsa magazi n'kupezeka kuti alibe kachirombo ka HIV, banja limathedwa nzeru. Mbuzi zimagulitsidwa, ndalama n'kuthera kwa asing'anga ndi makapusozi a m'golosale, wodwala akunka nafooka.

Zoona zake n'zakuti ambiri otsekula m'mimba nthawi yaitali amakhala ndi njoka za m'mimba, tizirombo ta m'madzi, HIV kapena TB ya m'matumbo. Koma pali ochepa omwe vuto lawo ndi khansa yosowa ya m'matumbo aang'ono, yomwe ikapezeka msanga imatha kugonja ndi mankhwala wamba opha mabakiteriya.

Khansayi ili m'gulu la lymphoma, kutanthauza khansa ya maselo oyera a m'magazi omwe amateteza thupi ku matenda. Ambiri timawadziwa maselowa tikatupa mwanabere m'khosi kapena m'khwapa. Komatu ochuluka zedi amakhala m'khoma la matumbo, poti n'komwe kumadutsa chilichonse chomwe tadya ndi kumwa.

Matumbo aang'ono a munthu wamkulu ndi otalika pafupifupi mamita 6, ndipo ntchito yawo n'kuyamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Maselo oteteza aja akayamba kuswana mopanda malire, amadzaza khoma la matumbowo moti chakudya chimangodutsa. N'chifukwa chake wodwala amaonda ngakhale akumaliza mbale ya nsima.

Madokotala amaitcha nthendayi IPSID. Inayamba kudziwika m'zaka za m'ma 1960 pomwe madokotala a ku Lebanon ndi Israel anaona achinyamata ochokera m'mabanja osauka akubwera ndi zizindikiro zofanana: kutsekula m'mimba kosatha, kupweteka kwa m'mimba, kuonda, ndipo ena nsonga za zala zawo zinali zotupa ngati ndodo zoimbira ng'oma.

Poyamba ankaitcha khansa ya ku Mediterranean, koma inadzapezekanso ku Iran, Tunisia, Algeria ngakhalenso ku Cape Town m'dziko la South Africa. Imakonda anthu a zaka zapakati pa 10 ndi 35 okhala m'madera osowa madzi abwino ndi zimbudzi, komwe mwana amakula akudwaladwala m'mimba.

M'chaka cha 1968, katswiri wina wa ku Paris, Maxime Seligmann, anapeza kuti m'magazi mwa wodwala nthendayi mumakhala kapuloteni kachilendo, kachidutswa chabe ka zida zomwe thupi limapanga polimbana ndi tizirombo. Mpaka lero kapuloteni aka kamathandiza madokotala kutsimikiza nthendayi.

Chomwe chinkadabwitsa madokotala kwa zaka zambiri n'chakuti odwala ena ankachira atangomwa tetracycline kwa miyezi ingapo. Khansa ingamve bwanji mankhwala opha mabakiteriya?

Mbali ina ya yankho inadza mu 2004 pomwe Marc Lecuit ndi anzake, a ku Paris komweko, anapeza bakiteriya wotchedwa Campylobacter jejuni m'matumbo a wodwala wina. Atafufuza tizidutswa ta matumbo ta odwala ena 6 tomwe tinasungidwa kale, anapeza bakiteriya wa mtunduwu mwa anayi.

Bakiteriyayu si mlendo m'makomo mwathu. Amapezeka mu nyama ya nkhuku yosapsa bwino, mkaka wosawiritsa ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa. Kwa anthu ambiri amangotsekula m'mimba kwa masiku ochepa n'kutha. Koma akatswiri akuganiza kuti mwa anthu owerengeka, kulimbana kwa thupi ndi tizirombo kwa zaka zambirimbiri kumasokoneza maselo oteteza aja mpaka kusanduka khansa. Mukachotsa tizirombo nthenda idakali yanthete, maselowo amatha kubwerera mwakale.

Vuto lalikulu lili pa kuipeza. Khansa ya m'matumbo aang'ono simaoneka ndi maso, ndipo kuyeza chimbudzi kapena magazi kokha sikukwanira. Dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera kukamwa, kupyola chifu mpaka kuchiyambi kwa matumbo, n'kutsinako tizidutswa tingapo. Tizidutswato timapita kulabotale komwe katswiri amatiunika pa maikulosikopu. Sikani ya pamimba imaonetsa ngati anabere a m'katimo atupa, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni kuti apeze kachidutswa koyenera.

Kuyeza kotereku kumachitikira m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe labotale younika tizidutswa ta m'thupi inatsegulidwa mu 2011. Njira yofikira kumeneko imayambira pachipatala chaching'ono cha kwanuko, kenako cha boma, chomwe chimalemba kalata yotumizira wodwala.

Apa m'pomwe buku la kuchipatala limagwira ntchito. Zizindikiro za khansayi zimafanana kwambiri ndi za TB ya m'matumbo, moti wodwala angathe kuikidwa pa mankhwala a TB. Ngati patha miyezi iwiri palibe kusintha, bwererani mukanene. Dokotala akaona m'bukumo kuti mankhwala a njoka, a TB ndi ena onse ayesedwa koma osathandiza, amadziwa kuti yakwana nthawi younika matumbo. Mukamagula buku latsopano pa ulendo uliwonse, dokotala aliyense amayambiranso pachiyambi.

Nthenda ikapezeka koyambirira, wodwala amapatsidwa tetracycline, kapena ampicillin pamodzi ndi metronidazole, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, dokotala akumuyang'anira. Ena amachiriratu. Ngati sizikusintha, kapena nthenda yafika popanga zotupa, pamafunika mankhwala amphamvu a khansa otchedwa CHOP, omwe ndi mitundu inayi yophatikiza, yoperekedwa pakatha masabata atatu alionse, kawirikawiri maulendo 6. Amathothola tsitsi ndi kufooketsa thupi, n'chifukwa chake wodwala amafunika chakudya chokwanira ndi womudikirira wodekha.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense wotsekula m'mimba athamangire kukagula makapusozi pamsika. Kumwa awiri lero, atatu sabata yamawa, kumangobisa zizindikiro n'kuchedwetsa kuyeza, komanso kumalimbitsa tizirombo kuti tisamve mankhwala.

Makolo adziwenso kuti pali lymphoma ina yodziwika kwambiri kuno kwathu, ya Burkitt, yomwe dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Iyi imagwira ana, imatupitsa nsagwada kapena mimba, ndipo imakula m'masabata ochepa chabe. Nayo imamva mankhwala ikafulumiridwa.

Ndipo wodwala aliyense mimba ikamutupa mwadzidzidzi, akusanza zobiriwira, chimbudzi ndi mphweya zitatsekeka, musadikire kuti kuche. Matumbo angakhale atatsekeka kapena kubooka, ndipo pamafunika opaleshoni ya changu.

M'maiko momwe madzi a m'mipope ndi zimbudzi zinafalikira, madokotala anaona IPSID ikucheperachepera. Choncho kuwiritsa madzi ndi mkaka, kupsetsa bwino nkhuku ndi kusamba m'manja ndi sopo n'kuteteza matumbo a ana athu kwa zaka zambiri.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kutsekula m'mimba kukadutsa mwezi umodzi, thupi likutsika, tengani buku lakale lija, mubwerere kuchipatala ndipo mufunse dokotala ngati sikoyenera kuunika matumbo.