Mvula ya mabingu imayamba ngati madzi oundana

TETE: Alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amawadziwa matalala. Akagwa, fodya amabooka ngati sefa, masamba a chimanga n'kung'ambikang'ambika. Koma owerenga athu, kodi mukudziwa kuti ngakhale mvula wamba ya mabingu imayamba ili youndana? Pamtunda wa makilomita pafupifupi 5 kuchokera pamwamba pa nyanja, mumtambo mumazizira mpaka madzi kuuma. Tizidutswa tambiri timasungunuka potsika. Tokula kwambiri ndito timafika pansi ngati matalala.

Chimene chikuwazunguza mutu akatswiri ndi liwiro la tizidutswa timeneti. Mumpweya wabata, chipale chofewa cha kumayiko ozizira chimatsika pafupifupi mita 1 pa sekondi, ngati munthu woyenda pansi. Matalala a sentimita 1 amatsika pafupifupi mamita 10 pa sekondi. Koma mumtambo mulibe bata. Mpweya umavunduka, kupanga tiakamvuluvulu tosaoneka.

Amayi ouluza mawere amazidziwa izi: njere zimagwera m'lichero, mankhusu n'kumavina ndi mphepo. Matalala aakulu ali ngati njere, salabadira. Tizidutswa topepuka ndito timaseweretsedwa. Munthu angaganize kuti kuvunduka kumatichedwetsa. Nthawi zina n'zoona, tikakodwa mumpweya wokwera. Koma mu 1987 katswiri Martin Maxey anasonyeza ndi masamu kuti kamvuluvulu amaponyera tizidutswa kunja, n'kumatisonkhanitsa mbali imene mpweya ukutsika, motero timagwa msanga. Mu 2017 ofufuza a ku Minnesota, America, atajambula chipale usiku ndi nyale zowala, anapezadi kuti chimagwa mofulumira kuposa mumpweya wabata. A ku Utah nawo mu 2023 anafalitsa zimene anapeza atayeza tizidutswa toposa 500,000 kumapiri a Alta.

Nanga mlimi wa ku Ulongwe zikumukhudza bwanji? Makompyuta olosera zanyengo, amene a INAM amadalira polengeza pa Rádio Moçambique, amafunika kudziwa liwiro limeneli. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kachidutswa kotsika mita 1 pa sekondi kamatenga mphindi 50 kutsika makilomita 3. Mphepo ya mamita 10 pa sekondi ikakanyamula nthawi yonseyo, kayenda makilomita 30. Liwiro lotsikira likawirikiza kawiri, kagwera pa makilomita 15 okha. Kusiyana kumeneku n'kokwanira kuti mvula yolonjezedwa mbali ino ya phiri la Domwe ikagwe mbali inayo, wina atadzala kale mbewu yake yomaliza.