Zakumwa za "zero": kodi ndi poizoni kapena anthu akungokokomeza?

Uthenga uja umabwererabe m'magulu a WhatsApp: zakumwa zopanda shuga zimayambitsa khansa. Ena anauwerenga n'kubwerera ku zakumwa za shuga wambiri zomwe ankazithawa poyamba.

Nkhaniyi inakula mu July 2023, pomwe IARC, nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, inaika aspartame m'gulu la 2B. Aspartame ndi wotsekemeretsa amene amathiridwa m'zakumwa zambiri za "diet" ndi "zero", ndipo kutsekemera kwake kumaposa shuga pafupifupi ka 200. Gulu la 2B ndi la zinthu zokayikiridwa chabe, zomwe umboni wake ndi wochepa. Nthawi yomweyo komiti ina ya akatswiri, JECFA, inati mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku alibe vuto. Munthu wa makilogalamu 70 angadutse malirewo atamwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse. Ngati mumafika pamenepo, achimwene, vuto si aspartame yekha. Oyenera kumupeweratu ndi obadwa ndi matenda a PKU.

Koma musathamangire kudzaza fuliji. Mu May 2023, WHO inalangiza kuti zotsekemeretsazi zisagwiritsidwe ntchito ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa pakapita nthawi phindu lake silioneka. Stevia, ngakhale amachokera ku masamba a chomera, ali pamndandanda womwewo. Langizoli silikhudza amene ali kale ndi matenda a shuga. Iwo azitsatira zomwe auzidwa kuchipatala.

Nanga uchi? Apa ndi pomwe ambiri timadzinamiza. WHO imawerengera uchi ndi juwisi wa zipatso pamodzi ndi shuga wa m'paketi, ndipo shuga wabulauni sasiyana kwenikweni ndi woyera. Munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, omwe ndi masupuni a tiyi 12. Kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Tawerengani: masupuni atatu mu tiyi wa m'mawa, awiri m'phala, thobwa masana. Dzuwa lisanapendeke mwatsala pang'ono kumaliza gawo lanu.

Chipatso chathunthu sichilowa m'chiwerengerochi, choncho nthochi yakupsa yophwanyira m'phala ingalowe m'malo mwa supuni. Kwa amene muli ndi khanda: uchi sapatsa mwana wosakwana chaka, chifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa botulism, matenda ofooketsa minofu.