Laputopu ya ndalama zochepa: purosesa kapena graphics?

Munthu wa pa Kalomwe, m'boma la Angónia, akafuna laputopu, njira zake n'zodziwika. Amadutsa chipata cha m'malire kulowa ku Dedza mpaka ku Lilongwe, kapena amalowera ku Ulongwe, mwina mpaka mumzinda wa Tete. Ena amatuma achibale amene ali ku Johannesburg. Kulikonseko, wogulitsa amathamangira kuloza timapepala tomatidwa pafupi ndi kiyibodi, kena kolembedwa Core i7, kena NVIDIA. Ndalama za m'thumba, kaya ndi metikali kaya ndi kwacha, sizikwanira zonse ziwiri.

Ntchito ya chilichonse

Purosesa ndiyo imagwira pafupifupi ntchito zonse: kutsekula Word, kuwerengetsa mu Excel, kuyendetsa intaneti, kusanja nyimbo mu FL Studio. Graphics ndi gawo lojambula zimene maso akuona pa sikirini. Malaputopu ambiri otsika mtengo ali ndi graphics yokhala m'kati mwa purosesa momwemo, monga Intel UHD 620, Iris Xe kapena Radeon Vega ya AMD. Ena ali ndi tchipi chachiwiri chapadera, kawirikawiri cha NVIDIA, chokhala ndi memori yakeyake. Chachiwirichi ndi chimene chimakweza mtengo.

Musafunse za i7, funsani za m'badwo

Apa ndi pamene anthu ambiri amadyeredwa ndalama. Dzina loti i3, i5 kapena i7 silinena zaka za purosesa. Zaka zimabisala mu nambala yotsatira. Mu i7-7500U, nambala 7 yoyamba pambuyo pa kamzere ikutanthauza m'badwo wachisanu ndi chiwiri; mu i5-8250U ndi wachisanu ndi chitatu; mu i5-1135G7 mumawerenga manambala awiri, 11.

Tsono taonani izi. Purosesa ya i7-7500U, ya mu 2016, ili ndi ma core (magawo ogwira ntchito m'kati mwake) awiri okha. Ya i5-8250U, imene inatuluka mu 2017, ili ndi anayi. Pa ntchito zolemera i5 imeneyi imaisiya i7 ija kutali, komabe pa msika wa kaunjika mupeza i7 yakaleyo ikutchulidwa mtengo wokwera, chifukwa chabe cha dzina.

Palinso chifukwa china chosatsikira pansi pa m'badwo wa 8. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel wa m'badwo wa 8 kupita m'mwamba, kupatula mapurosesa ochepa chabe. Akatswiri amaikakamiza pa makina akale, zoona, koma amenewo ndi makina oti mwagula atakalamba kale. Kumbali ya AMD, Ryzen 5 3500U ya mu 2019 ndi Ryzen 5 5500U ya ma core sikisi ndi zodalirika.

Chenjeraninso ndi laputopu yatsopano yonyezimira ya Celeron N4020 ndi RAM ya 4GB. Imakopa chifukwa ili m'katoni, koma ThinkPad T480, Dell Latitude 5490 kapena HP EliteBook 840 G5 yogwirapo kale ntchito mu ofesi imaiposa pa chilichonse, mwina kupatula batire.

Kapepala ka NVIDIA

Si tchipi chilichonse cha NVIDIA chimene chili champhamvu. GeForce 920MX ndi MX130 ndi zofooka moti Iris Xe, imene inabwera m'kati mwa mapurosesa a Intel mu 2020, imaziposa. Kuwonjezera ndalama chifukwa cha kapepala kotere n'kugula kutentha ndi phokoso la fani. Graphics yapadera imene ingasinthedi ntchito yanu imayambira pa GTX 1650 ya mu 2019 kapena RTX 3050, ndipo pamenepo mawu oti "yotchipa" amakhala atatha.

Ndani akufunikadi graphics yapadera?

Ndi ochepa. Wophunzira zaulimi pa UniZambeze ku Ulongwe amafuna kulemba malipoti, kusanthula ziwerengero za zokolola, mwina kujambula mapu a minda mu QGIS. Zonsezi zimadya purosesa ndi RAM. Mphunzitsi, wothandiza amalonda kulemba zikalata za katundu pa chipata, wogula mbatesi ndi chimanga amene amasunga mabuku ake mu Excel, onsewa graphics ya m'kati ikuwakwanira. Ngakhale wojambula maukwati, ngati mavidiyo ake sapitirira 1080p, angayambe ndi i5 ya m'badwo wa 8, pakuti mapurosesa a Intel ali ndi kagawo kotchedwa Quick Sync kothandiza kukonza vidiyo.

Otsala ndi amene amadyera vidiyo ya 4K, zojambula za 3D, kapena amene akufuna kutsekula malo osewerera magemu a mpira atsopano. Amenewa asunge ndalama mpaka zikwane, asagule zapakatikati.

RAM ndiyo imadyetsa graphics ya m'kati

Graphics ya m'kati ilibe memori yake, imabwereka ku RAM. Choncho 4GB siikwanira. 8GB ndiye poyambira. Komanso timatabwa tiwiri ta 4GB timayendetsa graphics mwachangu kuposa kamodzi ka 8GB, monga mmene malole amadutsira msanga pa chipata mizere ikakhala iwiri. Funsani ngati makinawo ali ndi malo owonjezera RAM, pakuti ambiri opyapyala anawotchereratu. Ndipo pakhale SSD. Laputopu ya hadi disiki yozungulira imachedwa kudzuka ngakhale purosesa itakhala yabwino chotani.

Magetsi ndi fumbi

Tembenuzani chaja muwerenge. Laputopu wamba imakoka 45W kapena 65W, pamene ya GTX 1650 kawirikawiri imabwera ndi chaja ya 120W kupita m'mwamba. Kwa amene amagula mayunitsi a magetsi a Credelec mwina kusiyanaku n'kopirira, koma kumudzi kodalira sola yaing'ono ndi nkhani yaikulu, ndipo batire la makina a magemu silikhalitsa. Kuzizira kwa ku Angónia kumathandiza m'miyezi ya Juni ndi Julaye, koma fumbi la m'chilimwe limatseka mafani, ndipo makina a tchipi ziwiri ndi amene amayamba kuvutika.

Musanapereke ndalama

Kapepala aliyense angamate. Yatsani makinawo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mulowe pa Performance, pamene pa Windows ya Chipwitikizi palembedwa Desempenho. Pamenepo muona dzina lonse la purosesa, kukula kwa RAM, mtundu wa disiki ndi graphics yeniyeni. Zulani chaja muone mmene batire likutsikira. Kumbukiraninso kuti makina ogula kutsidya akavuta, kuwabweza n'kuwolokanso chipata, choncho kuyesa konse kuthere m'sitolo momwemo. Wogulitsa akakana kuti muyatse, bwezani ndalama m'thumba mupite kwina.