Zipsera za m'chiwindi: zimene magazi angatiuze matenda asanafike poipa

Munthu akatupa mimba, maso n'kuchita chikasu, ambiri timathamangira kunena kuti ndi mowa. Ndiye m'makomo momwe mowa sulowa timakhazika mtima pansi, poganiza kuti matenda a chiwindi ndi a ena. Koma kuno ku Chipoka ndi m'mbali monse mwa nyanja tiyenera kuchenjera ndi adani awiri amene safunsa ngati munthu amamwa kapena ayi: kachilombo ka hepatitis B ndi likodzo la m'matumbo.

Chiwindi chikamavulazidwa kwa zaka zambiri chimapola ngati bala la pakhungu, kusiya chipsera. Zipsera zikachuluka chiwindi chimauma, ndipo magazi amavutika kudutsamo. Zonsezi zimachitika mwakachetechete. Bambo amapita kukaponya makoka, mayi amayanika usipa pa thandala, osamva kupweteka paliponse. Pofika potupa mimba kapena kusanza magazi, madzi amakhala afika m'khosi.

Nanga achipatala amaziona bwanji?

Kale njira yodalirika inali yolowetsa singano n'kutapa kachidutswa ka chiwindi kukaunika. Lero kuli makina otchedwa FibroScan oyeza kuuma kwa chiwindi popanda kubaya, koma ndi okwera mtengo ndipo sapezeka m'zipatala zambiri. N'chifukwa chake madokotala amadalira zinthu ziwiri zimene zimayezedwa m'magazi otengedwa pamkono.

Choyamba ndi AST, chinthu chimene chimakhala m'kati mwa chiwindi. Chiwindi chikamawonongeka, AST amatayikira m'magazi ndipo mlingo wake umakwera. Chachiwiri ndi mapulateleti, tizinthu tothandiza magazi kuundana munthu akatemeka. Chiwindi chikauma, magazi amadzazana m'kapamba, kapambayo amakula n'kumasunga mapulateleti ambiri, choncho m'magazi amachepa.

AST akamakwera, mapulateleti n'kumatsika, ndiye kuti pali chokayikitsa. Mu 2003 ofufuza anaphatikiza ziwirizi m'kawerengedwe kamodzi kotchedwa APRI. Tiyerekeze kuti AST wa munthu ndi 60 pomwe malire a munthu wabwinobwino ndi 40. Tigawe 60 ndi 40, tipeza 1.5. Ngati mapulateleti ake ndi 120, tigawe 1.5 ndi 120, kenako tichulukitse ndi 100. Yankho ndi 1.25. Palinso kawerengedwe kena, FIB-4, kamene kamawonjezera zaka za munthu ndi chinthu china cha m'chiwindi chotchedwa ALT.

Nambalayi imatanthauzanji?

Mu 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati wodwala hepatitis B amene APRI wake wapitirira 2 aonedwe kuti chiwindi chake chauma, ayambe mankhwala. Koma kafukufuku wa m'maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, anaonetsa kuti malirewa anali okwera kwambiri: ambiri a anthu amene chiwindi chawo chinali chitauma kale ankabwezedwa kunyumba ngati ali bwino. Mu 2024 WHO inatsitsa malire. Tsopano APRI woposa 0.5 akusonyeza kuti zipsera zafika poyenera mankhwala, ndipo woposa 1 akusonyeza kuti mwina chiwindi chauma. Munthu wa m'chitsanzo chathu uja, ndi 1.25 wake, kale akanauzidwa kuti adikire. Lero ayenera kuthandizidwa. Malangizo atsopanowa amatinso wodwala hepatitis B amene m'banja mwake munakhalapo khansa ya chiwindi kapena kuuma kwa chiwindi ayambe mankhwala.

Mankhwala ake ndi tenofovir, piritsi limodzi patsiku. Sachotseratu kachilombo, koma amakagoneka, ndipo mwa anthu ambiri zipsera zimachepa pakapita zaka.

Pamene nambala ingatinamize

Apa ndi pofunika kwa ife a kunyanja. Malungo amatsitsa mapulateleti, motero magazi otengedwa munthu ali ndi malungo angapereke APRI wokwera pomwe chiwindi chili bwino. Ndi bwino kuyezetsanso mutachira. Mankhwala ena, achizungu ngakhale azitsamba, amakwezanso AST, choncho uzani adokotala zonse zimene mukumwa osabisa.

Likodzo la m'matumbo lili ndi njira yakeyake. Mazira ake amakatsamira m'timitsempha ta m'chiwindi n'kupanga zipsera mozungulira mitsemphayo, pomwe AST amatha kuoneka wabwinobwino. Zipsera zotere zimaoneka bwino pojambula m'mimba ndi makina a sikani. Tisaganize kuti nyanja yathu ili ndi likodzo la m'chikhodzodzo lokha: mu 2017 ndi 2018 ofufuza anapeza ku Mangochi nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, komanso ana asukulu amene anali nalo. Amene timasamba, kuchapa ndi kusodza m'madzi amenewa tisakane mankhwala a praziquantel akamagawidwa.

Tichitepo chiyani?

Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002. Ambiri obadwa chakachi chisanafike sitinamulandire, ndipo kachilomboka kawirikawiri munthu amakatenga ali mwana, kapena kwa mayi ake pobadwa. Choncho akuluakulu, makamaka amayi oyembekezera, tipite kuchipatala, monga cha boma ku Salima, tikafunse zoyezetsa hepatitis B. Akakapeza, tifunse mosaopa kuti: "Adokotala, APRI wanga ndi zingati?" Tilembe nambalayo m'buku lathu lachipatala, tizikayezetsanso chaka chilichonse, ndipo titenge a m'nyumba mwathu nawonso akayezetse. Tisabwerekane malezala kapena miswachi, ndipo mtedza ndi chimanga zochita chuku tizitaye, pakuti poizoni wake amawonjezera ngozi ya khansa ya chiwindi.

Thupi ndi amana, chinthu chimene tinasungitsidwa. Tisadikire mimba kutupa kuti tidziwe mmene chiwindi chathu chilili.