Ngongole ya Nyumba kwa Wogwira Ntchito ya Kontalakiti

Tonsefe timafuna nyumba yabwino. Timafuna nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, yosadontha m'dzinja. Ambiri a ife kuno ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba timagwira ntchito ya kontalakiti. Ena tinagwira pa msewu wa tala wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga. Ena timalembedwa pa njanji, ena pa nyengo yogula fodya ndi thonje. Ntchito ikatha, malipiro nawonso amatha. Kodi munthu wotere angapeze ngongole ya nyumba ku banki?

Angathe, koma si chapafupi. Tiyeni tione chifukwa chake.

Banki isanakongoze munthu imafuna kudziwa zinthu ziwiri. Choyamba, adzabweza ndi chiyani? Chachiwiri, akalephera kubweza, banki idzatenga chiyani?

Tiyambe ndi choyambacho. Mphunzitsi wa boma amalandira mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Malipiro ake amadzera ku banki, ndipo banki imadula yokha gawo lake. N'chifukwa chake mphunzitsi savutika kwenikweni kukongola. Koma kontalakiti ili ndi tsiku lothera. Lamulo la ntchito limati kontalakiti imodzi ya nthawi yoikika isapitirire zaka ziwiri, ngakhale kuti ikhoza kuwonjezedwa. Ngongole ya nyumba imatenga zaka khumi kapena kuposa. Tsono a ku banki amafunsa kuti, "Zaka ziwirizi zikatha, mudzalipira ndi chiyani?" Funso limeneli si lachipongwe. Ifenso tiyenera kudzifunsa tisanachoke pakhomo.

A ku banki samva zapakamwa. Amafuna kuona mapepala. Amafuna chiphaso cha BI ndi nambala ya msonkho yotchedwa NUIT. Amafuna kontalakiti yolembedwa, kalata yochokera kwa abwana, ndi timapepala ta malipiro ta miyezi ingapo. Choncho tisamataye kontalakiti yakale. Munthu amene waonetsa makontalakiti anayi otsatana waonetsa kuti ntchito simusowa. Tipemphenso kuti malipiro athu azidzera mu akaunti ya ku banki. Ndalama yolandira pamanja sisiya mapazi.

Alimi amene timalima fodya ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, kapena thonje ndi kampani ya JFS ya ku Cuamba, nafenso tili pa kontalakiti ya mtundu wake. Timalandira kamodzi pa chaka, ndipo kampani imayamba yadula ngongole ya zipangizo zimene inatipatsa. Tisunge malisiti a chaka chilichonse m'pepala la pulasitiki, kutali ndi chiswe. Komabe tidziwe kuti banki imafuna malipiro a mwezi ndi mwezi, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka.

Tsopano chachiwiri chija, chikole. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Timati, "Ndili ndi munda waukulu, ndipereka umenewo." Sizitheka. M'dziko lathu la Mozambique nthaka yonse ndi ya boma. Siigulitsidwa ndipo siiperekedwa chikole. Chimene tili nacho ife ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo, umene umatchedwa DUAT. Lamulo la nthaka la 1997 limazindikira ufulu wa munthu amene analandira malo mwa mwambo wa makolo. Limazindikiranso nzika imene yakhala pa malo mosabera wina kwa zaka khumi. Ufuluwo ulipo ngakhale popanda pepala, ndipo anthu a m'mudzi akhoza kuuchitira umboni.

Koma umboni wa a mfumu ndi anansi sukwanira ku banki. Chimene banki ingalandire ngati chikole ndi nyumba yomangidwa pa malowo ndi chilolezo, ndipo ikhale yolembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa nyumba, ya Registo Predial. Nyumba zambiri za m'midzi mwathu sizinalembetsedwe. Wokhala m'tauni ya Cuamba kapena ya Mandimba ayambire ku ofesi ya manisipala kukafunsa za pepala la DUAT. Wa ku Ngauma apite ku boma ku Massangulo.

Pali nkhani ina yofunika kuikamba poyera. Kuno amuna ambiri timakhala kwa akazi athu, pachikamwini. Malo amene tikufuna kumangapo ndi a mbumba ya mayi. Kodi pepala lidzalembedwa dzina la yani? Lamulo limapatsa mkazi ndi mwamuna ufulu wofanana, ndipo mayina onse awiri akhoza kulembedwa pa pepala limodzi. Tikhale pansi ndi akazi athu ndi atsibweni awo njerwa yoyamba isanaikidwe. Milandu yambiri ya nyumba imabuka pa maliro kapena ukwati ukatha, chifukwa nkhaniyi sinakambidwe.

Tiyerekeze kuti banki yavomera. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mu 2023 chiwongoladzanja choyambira cha mabanki m'dziko lino chinapitirira 20 pa 100 iliyonse pa chaka. Chimakwera ndi kutsika, choncho tifunse cha tsiku limenelo. Munthu wakongola mametikali 100,000 pa chiwongoladzanja cha 24 pa 100, kuti abweze pa zaka zisanu. Mwezi uliwonse adzapereka pafupifupi 2,900. Miyezi yake ndi 60. Pomaliza adzakhala atapereka ndalama zopitirira 170,000. Kawirikawiri banki siilola kuti ngongole idye kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro. Ndiye kuti munthuyo ayenera kumalandira pafupifupi 8,700 pa mwezi, kwa zaka zisanu zosadukiza. Ndani wa ife angalumbire zimenezo?

Nanga amene ali kale ndi ngongole, ndipo kontalakiti yatha? Asabisale. Apite msanga ku banki mwezi usanamudutse. Nthawi zina banki imalola kukonzanso ngongole, ndiko kutalikitsa zaka kuti zopereka za pamwezi zichepe. Koma tione bwino. Ngongole yomwe ija ya 100,000 itakhala ya zaka khumi, pamwezi ndi pafupifupi 2,200, koma zonse pamodzi zimapitirira 260,000. Katundu wapepuka pamutu, koma ulendo watalika. Kukonzanso kumathandiza zedi ngati chiwongoladzanja chatsopano chili chotsika kuposa chakale. Tidziwenso kuti banki yaikulu, Banco de Moçambique, imasunga kaundula wa ngongole za m'mabanki. Wothawa ngongole ku Cuamba adzapezeka ngakhale akapemphe ku Lichinga. Za katapila ndiye tisayese n'komwe. Kubweza ngongole ya banki ndi ndalama ya katapila n'kuthawa mvula polowa m'nyanja.

Ife tikuona kuti kwa ambiri a ife ngongole yaitali si njira yoyambira. Nyumba zambiri za malata zimene tikuziona m'mbali mwa msewu zinamangidwa pang'onopang'ono. Njerwa tiumbe tokha m'chilimwe ndi kuziotcha. Kontalakiti ikadalipo, tigule malata awiri kapena atatu mwezi uliwonse ndi kuwasunga pouma. Simenti yokha tisaisunge nthawi yaitali, imauma m'thumba. Gulu la xitique, limene anzathu a ku Chiponde amati chipereganyu, lingatipatse ndalama ya mitengo ndi misomali pa nthawi imodzi. Magulu osunga ndi kukongozana m'mudzi nawonso amathandiza pa zitseko ndi mazenera. Zikatsala zochepa, pamenepo tingapemphe ku banki ngongole yaing'ono, yoti ithe kontalakiti isanathe. Kontalakiti ya miyezi 18 ifuna ngongole ya miyezi 12.

Mapepala a ku banki amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo zilembo zina n'zazing'ono kwambiri. Tisachite manyazi kutenga mwana wa sukulu kapena mphunzitsi wathu kuti atiwerengere. Tisanasayine kapena kudinda chala, atilembere pa pepala manambala atatu: ndalama imene tilandire m'manja atachotsa zolipira zonse ndi inshulansi, ndalama ya mwezi uliwonse, ndi ndalama yonse imene tidzakhale titabweza pomaliza. Pepalalo tipite nalo kunyumba, tikalione ndi a m'banja mwathu, ndipo tikabwerere ku banki tsiku lina.